Pfumbi la M'migodi ndi Nchito ya Dr. Anthony Allison

Kuyambira masiku a makolo, amuna ambiri a ku Malawi ndi a ku Cipata akhala akupita ku nchito ku migodi ya pakati pa dziko la Zimbabwe: ku Kwekwe, kumene kuli mgodi wa golidi wa Globe and Phoenix, ku Shurugwi kokumba kromu, ndi ku Zvishavane kumene ankakumba asbestosi. Akale amadziwa malowa ndi maina a Que Que, Selukwe ndi Shabani. Ena anasanduka machona. Ena anabwerera kwao ndi njinga ndi bokosi la zobvala, komanso ndi cifuwa cosamva mankhwala. Kuti cifuwaco cimacokera ku pfumbi la mwala, madokotala anadziwa kale. Cimene cinawabvuta ndi ici: mwala wopanda ululu ungaphe bwanji munthu?

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono tochedwa maselo. M'caka ca 1955 Christian de Duve, wa ku Louvain m'dziko la Belgium, pofufuza ciwindi ca makoswe anapeza kuti m'kati mwa selo muli timatumba todzala ndi mankhwala ogaya, ndipo anatichula malisosomu. Timatumbato ndi mimba ya selo. M'caka ca 1963 mnzace, Henri-Géry Hers, anasonyeza kuti makanda odwala nthenda ya Pompe amabadwa opanda amodzi a mankhwalawo, amene nchito yace ndi kugaya shuga wosungidwa m'thupi. Shugayo amangounjikana m'timatumbamo kufikira mtima wa mwana utakula ndi kulefuka. Lero nthenda zobadwa nazo za mtundu wotere zimadziwika zoposa 50.

Tsono munthu amene anatengera nzeru imeneyi ku pfumbi la m'migodi ndiye Anthony Allison. Iye anabadwa mu 1925 ku South Africa, nakulira pa munda wa atate wace ku Kenya, naphunzira udokotala ku Johannesburg ndi ku Oxford. Mbiri yace inamveka mu 1954, pamene anasonyeza kuti anthu amene analandira kwa kholo limodzi lokha mbeu ya nthenda ya magazi ija yochedwa sickle cell amatetezedwako ku malungo akupha.

Mu 1966, ali ku London, iye ndi anzace awiri, Harington ndi Birbeck, anatenga maselo amene nchito yao ndi kumeza zonyansa zolowa m'thupi, nawadyetsa pfumbi la silika, ndiwo mwala woyera uja umene kawirikawiri umasunga golidi. Anaona kuti selo limameza kanjere ka pfumbi ndi kukatsekera m'kathumba kogayira. Koma mwala sugayika. Khungu la kathumba limaonongeka, mankhwala ogaya amatayikira m'kati, ndipo selo limafa. Kanjere kaja kamaturuka kali bwinobwino, selo lina nkukameza, nalonso nkufa. M'mapapo a munthu nkhondo yotere imapitirira zaka ndi zaka, ngakhale iye ataleka nchito nakhala pa khonde kwao. Pamene pafera maselo pamatsala zipsera zolimba, ndipo mpweya umayamba kucepa.

Codabwitsa ndi cakuti atawadyetsa pfumbi la daimondi, mwala wolimba koposa yonse, maselowo sanafe. Kotero cimene cimapha si kulimba kwa mwala ai, koma m'mene nkhope ya silika imagwirira khungu la kathumbako.

Allison anagwiranso nchito ku Nairobi, ndipo pambuyo pace ku America, kumene iye ndi mkazi wace, Elsie Eugui, anatsogolera nchito yokonza mankhwala a CellCept othandiza anthu oikidwa impso ya munthu wina. Anamwalira mu 2014.

Mankhwala ocotsa zipsera za silika m'mapapo sanapezeke kufikira lero, ndiponso munthu wa zipserazo amagwidwa msanga ndi cifuwa cacikulu. Pfumbi loopsa koposa ndi losaoneka ndi maso, pakuti lalikulu limatsalira m'mphuno ndi pa khosi. Ncifukwa cace malamulo a m'migodi amafuna kuti pobowola mwala pakhale madzi, kuti mpweya wabwino uziyenda pansi, ndi kuti ataphulitsa mwala anthu asalowe kufikira pfumbi litatha. Ku Zimbabwe lamulo limafunanso kuti wogwira nchito ya m'pfumbi aziyesedwa cifuwa ndi dokotala.

Koma lamulo limafika mobvutika ku maenje a anyamata okumba golidi paokha, amene eni dziko amawachula makorokoza, ndipo ali ambiri kuzungulira Kwekwe ndi Shurugwi. Ambiri a iwo amabowola mwala wouma, atangomanga kansaru pa mphuno, ndipo kansaru sikatseka pfumbi losaonekalo. Mwamuna amene anagwirapo nchito yotere, ngakhale zaka khumi zapitazo, akayamba kupuma wefuwefu pokwera kamtunda apite ku cipatala, ndipo asaiwale kuuza dokotala kuti anali wa m'migodi.