KUBWEREZA SI KULEPHERA

(Mawu amene mmodzi wa ife adayankhula pa msonkhano wapachaka wa ophunzira akale)



Komiti itandipempha kuti ndiyankhule lero, ena ankaganiza kuti ndikamba za ntchito ya m'boma, poti ndi kumene ndakhala zaka pafupifupi makumi awiri. Koma ndasankha nkhani ina, yooneka yaing'ono. Ndikufuna ndikufotokozereni m'mene ana a kalabu ya nyimbo pa sukulu yathu ino adajambulira vidiyo ya mphindi 4 m'chaka cha 2024, ndi chifukwa chake ntchito imene tinkati itha masiku atatu idatenga miyezi isanu. Ine ndidali nawo, ndipo cholakwa chachikulu pa ntchito yonseyo chidali changa.

Poyamba tikumbutsane kumene tachokera. Ife amene tidalowa Fomu 1 m'zaka za m'ma 1990 tidakula opanda wailesi yakanema. Nyimbo tinkamvera pa MBC, ndipo oimba ake tinkangowadziwa mawu, nkhope ayi. Wofuna kuona woimba akuvina ankapita ku vidiyo sho pa msika, kukaonera kwasakwasa wa ku Zaire m'kachipinda kodzaza thukuta. Phalombe idakhala boma palokha mu 1998, itachoka ku Mulanje, ndipo Television Malawi idayamba mu 1999, ine ndili Fomu 3. Luso lathu tinkalionetsa pa siteji, m'holo kapena ku mpikisano wa masewero wa ATEM. Pa siteji ukalakwitsa, anthu amaseka, sewero n'kupitirira, mawa aiwala. Kamera siiwala. Chimene walakwitsa lero chidzaonekabe mwana wako atakula. Kusiyana kumeneku ndi kumene ana athu aja, ndi ine ndemwe, sitidakumvetse poyamba.

Nyimbo yawo adapeka okha. Imakamba za phiri la Michesi ndi madzi ake, za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, ndi za mwana amene akubwerera ku sukulu chilichonse chitakokoloka. Nonse mukudziwa kuti kuno nkhani imeneyi si ya m'buku. Ife akuluakulu tidaona Napolo wa mu Malichi 1991, pamene miyala ndi matope zidatsika m'phiri n'kutenga miyoyo ya anthu mazanamazana. Ine ndidali ndi zaka khumi. Ana athuwa aona wawo Napolo. Mphunzitsi woyang'anira kalabu atandilembera kupempha thandizo, sindidakane. Ndidabwereka kamera kwa mnzanga wa ku ofesi, ndidatenga tchuthi, mwezi wa Epulo ndidafika kuno.

Kwa amene simudaonepo m'mene vidiyo ya nyimbo imapangidwira, mvetserani. Nyimbo imayamba yajambulidwa ku situdiyo, mawu okhaokha. Tsiku lojambula zithunzi, nyimboyo amaiika pa sipika, oimba n'kumatsatira ndi milomo. Amatero m'malo osiyanasiyana, kenaka wodziwa kompyuta amadula tizidutswa n'kutilumikiza kuti tiyendere limodzi ndi nyimbo. Ife tidasankha malo anayi: m'kalasi, pa bwalo la mpira, pa msewu wopita ku Migowi, ndi m'mudzi wina m'munsi mwa phiri. Masiku atatu adakwana, tidasekerera, ana adamwa zoziziritsa kukhosi, ine n'kubwerera ku ntchito ndili wonyada.

Chimwemwe chidatha titaika zithunzizo pa kompyuta. Choyamba, kamera inkanjenjemera ngati wojambulayo ali ndi malungo, poti tidalibe choimikapo. Chachiwiri, gawo la pa bwalo tidajambula masana dzuwa lili paliwombo, nkhope za ana zidangoti bii, maso osaoneka. Chachitatu, mnyamata wina adayamba vesi atavala tayi, pofika pakati pa vesi lomwelo tayi palibe, chifukwa theka lina tidajambula mawa lake. Chachinayi chidandichititsa manyazi ine amene ndidaphunzira sayansi pa sukulu ino. Pa msewu paja, mtsikana wotsogolera nyimbo adaima patali mamita ngati 30, sipika ili pafupi ndi kamera. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, choncho nyimbo inkamufika mochedwa pang'ono, ndipo milomo yake inkatsalira m'mbuyo. Kamera yathu inkatenga zithunzi 25 pa sekondi iliyonse. Kuchedwa kwa zithunzi ziwiri zokha diso limakuona, ngakhale la gogo amene sadapiteko ku sukulu.

Zonsezi zidali zolakwa za manja. Cholakwa cha mtima ndi ichi. M'mudzi muja tidapeza chibumi cha nyumba imene idagwa ndi Freddy, khoma limodzi lokha litatsala. Ndidati, “Apa ndiye pabwino, anthu akaona amva chisoni.” Tidaimika mtsikana uja pa khomalo, sipika ili pamwamba, ana ena akuwomba m'manja. Sitidapite kwa amfumu. Sitidafunse mwini malo. Tili pafupi kumaliza, adafika mayi wina wachikulire atasenza nkhuni. Adatula mtolo wake, adatiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adafunsa modekha kuti, “Kodi ana inu, amene wakuuzani kuti pano ndi pabwalo la gule ndani?” Ndidapepesa mwachidule, ndidamupatsa kandalama, iye adakana. Tidachoka, koma zithunzi tidatenga.

Patapita masabata awiri, a Mphunzitsi Wamkulu adandiimbira foni. Amfumu adali atatumiza uthenga ku sukulu. Pa nyumba imene ija padafera anthu awiri a banja la mayi aja, ndipo khomalo adalisiya dala. Amayi ndi abambo, akulu adati safunsa adadya phula. Ine, munthu wa digiri, wogwira ntchito m'boma, amene ndimadziwa kuti ngakhale kuyeza mjigo umayamba waonekera kwa amfumu, ndidatsogolera ana kukavina pamalo a maliro chifukwa chofuna chithunzi chokoma. Loweruka lotsatira ndidabwera, tidapita kwa amfumu pamodzi ndi mphunzitsi wa kalabu ndi ana awiri. Tidakhala pansi, tidapepesa mwa mwambo wake, ndipo gawo lonselo ndidalifufuta mayi aja akuona.

Tsono vidiyo idatsala yopanda mtima wake, ndipo kubwereza sikukadatheka msanga. Mtsikana wotsogolera ndi anzake atatu adali a Fomu 4, mayeso a MSCE ali pafupi. A Mphunzitsi Wamkulu adalamula kuti kamera isaonekenso pa sukulu mpaka mayeso atatha. Ana adadandaula, koma ine ndikuti adalamula bwino. Nyimbo ingathe kudikira, mayeso sadikira munthu.

Tidakumananso mu Ogasiti. Tinkaganiza kuti tingojambula gawo limodzi lija ndi kukonza tina ndi tina. Titafika pa msewu, tidangoyang'anana. Mu Epulo dziko lidali lobiriwira, chimanga chili m'munda. Mu Ogasiti mapesi adali atagwa, udzu utauma, m'minda mutangotsala nandolo. Mnyamata wa tayi uja adali atameta mpala. Tsiku loyamba chiperoni chidaphimba phiri lonse, pomwe nyimbo ikukamba za phirilo. Zithunzi za Epulo ndi za Ogasiti sizikadakhala m'vesi limodzi popanda woonera kudabwa. Panalibe kuchitira mwina koma kuyambiranso pafupifupi zonse.

Apa ndi pamene padavuta. Ana ena adati atopa, tingotulutsa zomwe zilipo, anthu pa foni sayang'anitsitsa. Wina adati mwina nyimboyi ili ndi tsoka. Amene adatipulumutsa ndi kamtsikana ka Fomu 2 kamene sikaimba n'komwe. Kadabwera ndi kope la masamu lotsala masamba, n'kuyamba kulemba: gawo lakuti, malo akuti, nthawi yakuti, wakuti wavala chakuti, waima kudzanja lamanja la wakuti, tajambula kangati, kabwino ndi kachingati. Pambuyo pake ndidamva kuti m'makampani a mafilimu muli munthu wolembedwa ntchito yokhayi basi. Iko kadangoiganiza kokha.

Ulendo wachiwiriwu tidachita zinthu mwa dongosolo. Tinkayamba m'mamawa dzuwa likungotuluka, pofika 9 koloko n'kuleka, n'kudzayambanso cha m'ma 4 koloko madzulo, pamene kuwala kumakhala kofewa ndipo nkhope zimaoneka bwino. Sipika tinkaibisa pafupi ndi woimba. Tisanayambe gawo lililonse, mwana mmodzi ankawomba m'manja kamodzi patsogolo pa kamera, kuti wolumikiza adzapeze poyambira. Kalipentala wa pa msika adatikhomera choimikapo kamera cha miyendo itatu. Madzulo alionse tinkaonera zimene tajambula tisanabalalike, kuti cholakwika chikonzedwe mawa lake, osati patapita miyezi. Gawo lina la masekondi 12 tidalibwereza kasanu ndi kawiri. Chiperoni tidachidikira masiku awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga gawo la m'mudzi lija? Amfumu omwe aja ndi amene adatithandiza. Adatitengera m'mbali mwa mtsinje, pamene pali miyala ikuluikulu imene madzi adaigubuduza kuchokera m'phiri. Adati, “Ngati mukufuna anthu aone mphamvu ya madzi, aonetseni iyi. Mwala sulira.” Mtsikana uja adaimba ataima pakati pa miyalayo, wamng'ono ngati nyerere, Michesi ali kumbuyo kwake. Ambiri amene aonera vidiyoyi amati gawo limeneli ndi limene limawakhudza kwambiri. Tsiku loonetsa vidiyo m'holo tidaitana mayi aja. Sadabwere, ndipo sindiwadandaula.

Mwina wina afunsa kuti, kodi zonsezi n'zofunika pa sukulu ya kumudzi? Ine ndikuti inde. Shemu Joyah, amene adapanga mafilimu a The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, ndi Mmalawi mnzathu. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba, imene idatuluka mu 2019, adaijambulira konkuno ku Malawi, ndipo dziko lonse lidamva Chichewa. Gule wathu wa tchopa adalembedwa ndi UNESCO mu 2014 m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lapansi. Nkhani zoti zijambulidwe kuno ku Phalombe zilipo zambiri. Lero pafupifupi mwana aliyense amadziwa kugwira foni n'kujambula. Chimene sadziwa ndicho kudekha, kulemba, kufunsa, ndi kuvomera kuti ichi sichidakhale bwino, tiyambirenso. Izi foni siphunzitsa. Tiyenera kuphunzitsa ndife.

Choncho ndili ndi zopempha zinayi ku bungwe lathu. Choyamba, tigulire kalabuyi choimikapo kamera chenicheni, sipika yabwino ndi chosungiramo zithunzi, zikhale katundu wa sukulu wolembedwa m'kaundula. Chachiwiri, anzathu amene mukugwira ntchito ku nyumba zoulutsira mawu ndi za kanema, patulani Loweruka limodzi pa teremu mudzakhale ndi anawa. Chachitatu, tigwirizane ndi a Mphunzitsi Wamkulu pa malamulo olembedwa: mwana asajambulidwe popanda chilolezo cha makolo, pamalo pa munthu pasajambulidwe popanda mwini ndi amfumu kuvomera, ndipo kujambula kusachitike nthawi ya mayeso. Chachinayi, tithandize ana kulembetsa nyimbo zawo ku COSOMA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze luso la opeka, kuti thukuta lawo lisadyedwe ndi ena. Mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, ndiulule chinthu chimene ambiri muno tikuchidziwa koma sitichikamba. Ine ndidabwereza Sitandade 8. Chaka choyamba dzina langa silidatuluke, ndipo ndidalira m'munda mwa nandolo kuti anthu asandione. Malemu bambo anga adangoti, “Munda ukakana, sutaya khasu.” Ndikayang'ana m'holo muno ndikuona ena amene adabwereza kawiri, ena katatu, ndipo lero ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi, abusa. Ngakhale ku ofesi, kalata imene ndalemba imabwerera ili ndi inki yofiira, ndipo ndimailembanso. Koma tikakula timayamba kubisa zimenezi, ana n'kumaganiza kuti ife tidakhoza chilichonse ulendo umodzi. Nchifukwa chake akalakwitsa amafuna kuthawa, kapena kutulutsa ntchito yosapsa.

Tiyeni tiwauze zoona. Vidiyo imene muonere tikatha kudya ndi yachiwiri. Yoyamba idalephereka, ndipo gawo lina tidalifufuta ndi manyazi. Mukamaonera, muyang'ane tayi ya mnyamata uja. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza ili pakhosi.

 Mulungu adalitse sukulu yathu.