Buku Losowa Cilembo Cimodzi

Akulu amene anatumizako telegalamu masiku akale akumbukira kuwerenga mau ndi zala asanafike pa zenera la positi, pakuti liu liri lonse linali ndi mtengo wace. Iwowo anacepsa mau cifukwa ca thumba. Koma alipo ena amene adzimanga okha ndi malamulo polemba, popanda wowakakamiza, monga acita anthu a nsolo.

Mu 1960, ku Paris, olemba mabuku ndi akatswiri a masamu anayamba kagulu ka masewera otere, dzina lace Oulipo. Mmodzi wa iwo, Georges Perec, anaturutsa mu 1969 buku la masamba ngati 300 lochedwa La Disparition, ndiko kuti Kusowa. M'buku lonselo mulibe cilembo e ngakhale cimodzi, cinkana m'Cifaransa cilemboco cipambana zinzace zonse kucuruka.

Wofuna kulawa kuuma kwa nchitoyi ayese kutaya a m'Cinyanja. Angathe kulemba kuti, "Njobvu ziwiri ziri ku mtsinje," koma akafuna kunena cimene njobvuzo zinacita kumeneko, nthenga iyamba kumlemera. Mgodi utsala, nchito itsala, koma malipiro acoka, natenga nsima ndi madzi omwe. Wa pa mgodi sangaone cacilendo pamenepo. Ndipo amai, atate ndi mwana sangalowemo konse.

Apa ndipo pagona nkhani. Perec anabadwa mu 1936, mwana wa Ayuda ocokera ku Poland. Atate ace anafa mu 1940 ali msilikali wa France. Amai ace, poona kuti Ajeremani alikusaka Ayuda, anamkweza sitima kumtumiza kumapiri, ku Villard-de-Lans. Iwo anatsala m'Paris, nagwidwa mu 1943, natengedwa kunka ku Auschwitz. Sanabwerenso, ndipo manda ao palibe. Mnyamatayo anakula m'manja mwa mlongo wa atate ace.

Tsono m'Cifaransa atate ndi père, amai ndi mère. Potaya e, wolembayo anadziletsa kuchula mau awiriwo kuyambira tsamba loyamba kufikira lomariza. Dzina lace lomwe, lokhala ndi e zinai, silikadatha kulowamo.

Nkhani yace njoseketsa m'malo ambiri. Munthu wina, Anton Voyl, asowa tulo pomva kuti kanthu kena kacoka pa dziko, koma sadziwa kanthu kanji. Kenaka iye yemwe asowa. Abwenzi ace amfunafuna, ndipo ali yense akayandikira kuzindikira cosowaco, imfa imtenga asanacichule. Buku liri ndi mitu yowerengedwa kufikira 26, monga zilembo za Cifaransa, koma mutu wa 5 mulibe, pakuti e ndiye wacisanu pa mzere.