Makomiti a M'makwalala Akagogoda ku Khonsolo



Ku Ndirande, ku Kawale ngakhalenso ku Chibavi, anthu adakhazikitsa makomiti achitetezo. Anyamata amalondera usiku ndi tochi, makomo nasonkha kangachepe. Ntchitoyi njotamandika, ndipo lamulo la Apolisi la chaka cha 2010 likuivomereza. Komabe tochi singalowe m'malo mwa magetsi a mumsewu, ndiponso mlonda sangatseke ngalande yapululu imene ana amagweramo nthawi ya dzinja.

Ndicho chifukwa chake makomitiwa amagogoda ku Khonsolo. Akalaliki ena amayesa ndi chipongwe. Iyayi! Lamulo la Maboma Ang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo udindo wa misewu ya m'mizinda ndi kuchotsa zinyalala, pamodzi ndi mphamvu yotolera misonkho ya nyumba. Wokhoma msonkho akafunsa, akufunsa za chuma chake.

Tikumbukire kuti kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lathu lidakhala lopanda makhansala. M'zaka zimenezo anthu adazolowera kudzithandiza okha, maofesi enanso nazolowera kusafunsidwa, ndipo chizolowezi chachiwirichi chavuta kufa. Koma chiyambire 2020 lamulo likulola nzika kupempha zikalata zosonyeza m'mene ndalama zayendera.

Tsono nthumwi zikafika, apatseni mpando, lembani dandaulo lao, muwauze tsiku la yankho. Inunso a makomiti, wakuba mukamgwira mperekeni ku Polisi ali wamoyo.