Liu lakuti "reclaim" ndi minda ya ku Nkhulambe



Komiti inandipempha kuti ndifotokoze liu la Chingerezi lakuti reclaim, popeza lamveka kwambiri m'misonkhano chichitikireni ngozi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo ambiri timangogwedeza mutu.

Liuli linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku Chifalansa chakale, ndipo Afalansawo analitenga ku Chilatini, reclamare. Re ndiko kubwerera, clamare ndiko kufuula. Kwa Aroma linkatanthauza kufuula motsutsa, monga achitira munthu pa bwalo la milandu akamva bodza. Ku England anthu olemera ankaweta akabawi osakira mbalame, ndipo kuitana kabawi kuti abwerere pa dzanja la mwini wake ndiko ankati reclaim. Taganizirani: kabawi ali m'mwamba alibe chingwe. Amatsika chifukwa anazolowera mau a mbuye wake, komanso chifukwa cha kanyama kali m'dzanjamo. Pambuyo pake liuli linayamba kunena za kuweta nyama yolusa, kubweza munthu wolowerera, ndi kuitanitsa katundu wako amene ali kwa wina.

Tanthauzo la nthaka, limene a mabungwe amalikonda, ndi chitsirizira. Linafala m'zaka za m'ma 1700: kusandutsa chithaphwi kapena malo oguga kukhala munda. Akatswiri a ntchitoyi ndi a ku Netherlands. Mu 1932 anatseka nyanja ya Zuiderzee ndi chikhoma chotchedwa Afsluitdijk, napopa madzi, ndipo mu 1986 nthaka youmayo inakhala chigawo cha Flevoland. Ine ndimaona kuti pamenepa liuli likukokedwa pang'ono, pakuti amene analima kumeneko anali asanaponyepo khasu ndi kale lonse.

Ku Nkhulambe n'kosiyana. Minda imene madzi, mchenga ndi miyala yochokera m'phiri la Mulanje inakwirira mu 2023 inali ndi eni ake, inali ndi malire, ina inali ndi mitengo ya mango yobzala agogo. Chipatala cha Nkhulambe nacho chinaonongeka. Akuluakulu amene anaona napolo wa m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 akudziwa kuti madzi amaphwa msanga koma mchenga umatsala. Mchenga sumva kuitana ngati kabawi. Uyenera kuzulidwa miyala, kuthiridwa manyowa chaka ndi chaka, kubzalidwa nandolo kuti chonde chibwerere, ndi udzu wa vetiva m'mbali kuti dothi lisathawenso. Ndipo pali mlandu umene Chingerezi chimabisa: mtengo wa m'malire ukakokoloka, munda wa uje ulekeza pati? Apa tanthauzo la Aroma limabwerera, chifukwa abale amafuulirana pamaso pa anyakwawa.

Chichewa chathu, kunena zoona, chimalongosola bwino. Pamene Mngerezi ali ndi liu limodzi, ife timati kuombola, kulanditsa, kuitanitsa, kubwezeretsa chonde, ndipo lililonse lili ndi ntchito yake. Wogwira ntchito za bungwe akati reclaim, tizimufunsa kuti akunena liti mwa amenewa, popeza kuombola munda kwa munthu ndi kubwezeretsa chonde m'munda sizifuna zida zofanana.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Pakati pathu pali alangizi a zaulimi, oyeza malo, ndi ena odziwa malamulo, amene ali ku Blantyre, ku Zomba, ngakhale ku Joni. Mlembi alembe maina ao ndi ntchito zao, awalembere makalata mvula isanayambe, ndipo msungichuma aone ngati thumba lathu lingakwanitse ndalama ya basi kwa amene avomere kubwera.