Henry Walter Bates: Mwana wa Leicester Amene Anayenda ndi Kutolera

Pa tsiku lino lokumbukira ufulu umene dziko lathu linalandira pa 6 Julaye 1964, tafuna tikumbukirenso munthu wina wobadwira mu mzinda uno umene watilandira. Dzina lake ndi Henry Walter Bates.

Bambo Bates anabadwa ku Leicester pa 8 Febuluwale 1825. Ali ndi zaka 13 anayamba kuphunzira ntchito pa kampani yopanga masokosi, koma akapeza mpata ankapita ku nkhalango ya Charnwood kukatola tizilombo. Mu 1844 anakumana ndi Alfred Russel Wallace, amene ankaphunzitsa pa Collegiate School muno mu mzinda. Awiriwa anagwirizana, ndipo mu Epulo 1848 anakwera sitima ku Liverpool kupita ku Pará, m'dziko la Brazil, kumene mtsinje wa Amazon umathira m'nyanja.

Moyo wa kumeneko sunali wophweka. Ndalama zodyera ankazipeza potumiza zina mwa zotolera zawo kwa Samuel Stevens ku London kuti awagulitsire. A Wallace anabwerera mu 1852, koma sitima yawo inapsa pa nyanja ndipo pafupifupi zonse zimene ananyamula zinatayika. A Bates anatsala, nadwala malungo ndi matenda ena, mpaka anakwanitsa zaka 11. Pobwerera mu 1859 anagawa katundu wawo m'sitima zitatu kuopa zimene zinagwera mnzawo. Anatolera mitundu ya zamoyo 14,712, yambiri tizilombo, ndipo pafupifupi 8,000 inali yosadziwika kwa akatswiri a sayansi a ku Ulaya. Chaka chomwecho, mu Seputembala, David Livingstone anafika pa nyanja yathu ya Malawi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyang'anitsitsa agulugufe, a Bates anazindikira kuti ena amene mbalame zingathe kuwadya ali ndi mawanga ofanana ndi a agulugufe owawa amene mbalame zimawapewa. Motero amapulumuka chifukwa cha maonekedwe. Anafotokoza zimenezi ku bungwe la Linnean Society mu 1861, ndipo Charles Darwin anayamikira kwambiri. Ndi Darwin yemweyo amene anawalimbikitsa kulemba buku la ulendo wawo, The Naturalist on the River Amazons, limene linatuluka mu 1863.

Atasiya maulendo, kuyambira 1864 anakhala wachiwiri kwa mlembi wa Royal Geographical Society, bungwe limene linathandiza ulendo wotsiriza wa Livingstone mu 1866. Madzulo ankapitiriza kusanja ndi kulemba za tizilombo tawo mpaka pamene anamwalira ku London pa 16 Febuluwale 1892.

Nanga ifeyo nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Chimene chinapatsa phindu zotolera za a Bates si kuchuluka kokha ayi. Iwo ankalemba m'makope mwawo kumene chinthu chapezeka ndi nthawi yake. Kagulugufe kopanda mbiri yake kangokhala kokongoletsa basi.

Ifenso ndife apaulendo, ndipo m'nyumba zathu ku Highfields, ku Evington, ku Nottingham ndi ku Derby muli zotolera zathu. Muli zithunzi za makolo, makalata a kumudzi, ziboliboli za ku Mua, zitenje, masitampa ndi ndalama za kwacha zoyamba za mu 1971. Koma kuseri kwa zithunzizo sitinalembe kanthu. Ife timadziwa kuti awa ndi agogo akuchikazi ndipo apa ndi pa Ntcheu, koma mwana wobadwira ku Leicester sadziwa. Tikadzapita ife, adzaona nkhope za anthu achilendo, ndipo tsiku lina bokosilo lidzatayidwa.

Choncho pempho lathu ndi laling'ono. Chaka chino banja lililonse litenge cholembera, likhale pansi ndi ana, lilembe dzina, mudzi, mfumu ndi chaka kuseri kwa chithunzi chilichonse. Amene akupita kwathu pa holide ajambule mawu a agogo akadali moyo. Ana athu aphunzirenso mayina a tizilombo ta kwathu: ngumbi, bwanoni, nkhululu, mphalabungu ndi ziwala. Mukawatengera ku Leicester Museum pa New Walk, dzawatengereninso ku Chichiri Museum ku Blantyre.

Tikufunirani nonse chikondwerero chabwino. Mulungu adalitse Malawi.