Pakati pa oweruza pakhalenso mlimi

Ine ndine mlimi, sukulu ndinalekezera ku pulaimale, koma pa mpikisano wojambula chizindikiro cha kalabu yathu ndili nawo mawu.

Mwati oweruza achokere ku Tete, anthu amene ntchito yawo ndi kujambula zikwangwani ndi zolemba pamalaya pa kompyuta. Sindikukana. Iwowo amadziwa utoto wosasuluka padzuwa ndi zilembo zowerengeka patali, zimene ife sitidziwa.

Komatu taonani mbendera yathu ya 1983, ya khasu, buku, mfuti ndi nyenyezi. Mu 2005 anthu anapikisana kujambula ina, koma Nyumba ya Malamulo ku Maputo inakana kusintha. Chojambula chingakongole bwanji, eni ake akapanda kuchivomera chimathera m'kabati.

Ndalama za malayawa tinasonkha titagulitsa mbatatesi zathu. Ndiye ndikupempha ziwiri. Pa oweruza atatuwo, mmodzi akhale mlimi mnzathu. Chachiwiri, mayina a ojambula abisike, pasapezeke wokondera mphwake. Ovala malayawo kumsika wa Ulongwe ndife.