Kusamutsa Zinthu Pakati pa Foni ndi Kompyuta: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Komiti yandipempha kuti ndinenepo za nkhaniyi chifukwa kaundula wa mamembala, mbiri ya zosonkha ndi zithunzi za makalasi athu, zonsezi zili mu foni ya a Mlembi basi. Foniyo itati yabedwa m'minibasi maŵa, tidzayambira pati?

Enafe tikukumbukira diski ya floppy imene inkanyamula 1.44 MB. Lero chithunzi chimodzi cha foni chimaposa pamenepo. Njira yosadya bandulo ndi chingwe cha USB. Mukalumikiza foni ya Android ku kompyuta, imangoyamba kutchaja. Muyenera kutsegula uthenga umene ukubwera pamwamba pa foni ndi kusankha File transfer, pamenepo ndiye kompyuta ione zam'kati. Ikakana, musafulumire kunena kuti foni yafa: zingwe zina zotchipa n'zotchajira pokha. Bluetooth nayonso imathandiza, koma njochedwa. Isiyireni makalata aŵiri atatu.

Ambiri mumakonda WhatsApp, imene kuyambira mu 2015 imatsegukanso pa kompyuta. Dziŵani kuti imafinya zithunzi. Setifiketi yanu ya MSCE mukaitumiza ngati chithunzi wamba, zilembo zing'onozing'ono zingathe kusaŵerengeka bwino, ndipo olemba ntchito sachita kukufunsani kaŵiri. Itumizeni ngati Document, imafika monga momwe ilili.

Mapulogalamu ndi nkhani ina. Ya Android imathera ndi .apk, ya Windows ndi .exe, ndipo kungokopa ina kuiika kwa inzake sikuthandiza. Chimene chimandidetsa nkhaŵa kwambiri ndi mapulogalamu amene ana athu amapatsana pa Xender kapena SHAREit, osadziŵa kumene anachokera. Foni yomweyo ndi imene muli Airtel Money kapena Mpamba, ndipo pulogalamu yachinyengo mukailola kuŵerenga mauthenga, iŵerenganso a ndalama. GB WhatsApp ija siichokera kwa eni WhatsApp, ndipo iwo amatseka nambala zoigwiritsa ntchito. Tengani mapulogalamu ku Play Store.

Pempho langa ndi lakuti kutha kwa mwezi uliwonse a Mlembi azikopera zonse mu kompyuta ya a Msungichuma ndiponso mu flash ya bungwe, yosabwereketsa. Amene muli ndi zithunzi zakale m'masutikesi, bwerani nazo msonkhano ukubwerawu kuti tizijambule ndi kukubwezerani tsiku lomwelo.